Funsani Anti: Ndikufuna therapist wa pa foni, koma ndidziwa bwanji kuti ndi weniweni?

Mwezi uno makalata atatu abwera pa nkhani imodzi, yopeza therapist, katswiri wothandiza munthu pa mavuto a maganizo pokambirana naye, kudzera pa foni, ndiye ndangowaika pamodzi. Kalata yoyambayo ndaitayira nthawi kwambiri chifukwa mayankho ake akukhudzanso enawo.

Anti zikomo. Ndine mtsikana wa zaka 27, ndimakhala ku Chilomoni ndipo ndimagwira ntchito ya maakaunti pa kampani ina ku Limbe. Vuto langa ndi lakuti ndimadziderera koopsa. Pa miting'i yankho ndimakhala nalo koma ndimangoti ziii mpaka wina anene zomwezo n'kuomberedwa m'manja, ndikaika chithunzi pa sitetasi sipatenga nthawi ndachichotsa chifukwa ndayamba kuona kuti mphuno yanga yakula, ndipo munthu akandiponda phazi mu minibasi wopepesa ndimakhala ine. Ndinakulira kwa azakhali anga omwe tsiku ndi tsiku ankati "iwe sudzapita patali", pano dipuloma ndili nayo koma mau aja sachoka m'mutumu. Kuchipatala sindikufuna, ndikangokumana ndi wa kumpingo ku Queens mawa lake pa gulupu padzakhala kuti uje mutu wazungulira akupita naye ku Zomba. Ndiye ndakhala ndikuona zotsatsa za ma app a therapy pa Facebook, komanso pali mkulu wina pa TikTok akuti ndi "mindset coach", wati ndimutumizire kaye pa Airtel Money tiyambe. Kodi za pa foni zimathandizadi? Nanga ndidziwa bwanji kuti munthuyo si tsinzinantole?
Wodziderera, Chilomoni

Mwana wanga, funso loyambalo ndi losavuta: eya, zimathandiza. Akatswiri akhala akufufuza zimenezi kwa zaka, makamaka chiyambire 2020 pomwe Covid inakakamiza ma therapist ambiri kusamukira pa vidiyo, ndipo zomwe zimapezeka n'zakuti pa mavuto ngati nkhawa ndi kukhumudwa, kulankhulana pa foni kapena pa vidiyo kumathandiza pafupifupi chimodzimodzi ndi kukhala m'chipinda chimodzi. Foniyo ilibe mlandu. Nkhani ili pa munthu amene ali mbali inayo.

Ndiye tiyambe ndi mkulu wa pa TikTok uja. Usatumize kaye. Dzina loti coach aliyense akhoza kudzipatsa, palibe sukulu imene uyenera kumaliza, palibe bungwe limene lingakulande chiphaso ukalakwitsa chifukwa chiphasocho kulibe kumene. Sindikunena kuti onse ndi akuba ayi, ena amalimbikitsadi anthu pa za bizinesi kapena kufunsira ntchito, koma zako izi zazika mizu kuyambira uli mwana ndipo sizikufuna munthu wongokuuza kuti "ndiwe mfumukazi, dzikhulupirire". Ukanakhala kuti umakhulupirira ukauzidwa, bwenzi utachira kalekale, chifukwa ndikudziwa anzako amakuuza kale kuti chithunzi chija chinali bho ndipo iwe umachichotsabe.

Amene ukufuna ali m'magulu angapo. Pali psychiatrist, ameneyo ndi dokotala, amatha kulemba mankhwala, ndipo kuno ndi ochepa kwambiri moti pa vuto lako sungayambire kwa iye. Pali clinical psychologist, amene anaphunzira za maganizo ndi kuthandiza anthu kudzera m'kukambirana. Pali ma psychosocial counsellor, omwe ndi alangizi ophunzitsidwa kupereka uphungu, ambiri mwa iwo anaphunzira ku koleji ya St John of God ku Mzuzu. Ndiye pali anamwino ndi ma clinical officer omwe anaonjezera maphunziro a zamaganizo. Pa nkhani yodziderera, psychologist kapena counsellor wophunzira bwino ndi amene akuyenera. Usanalipire kalikonse mulembere uthenga umodzi wokha, waulemu, wonga uwu: "Zikomo, ndisanayambe ndimafuna ndidziwe kuti munaphunzira chiyani ndipo kuti, munalembetsa ku bungwe liti, komanso munthu wodziderera mumamuthandiza ndi njira yanji." Weniweni amayankha bwinobwino, ena mpaka amasangalala kuti wafunsa. Wabodza amakwiya, kapena amakutumizira voice note ya mphindi zisanu yonena za anthu omwe anawasintha moyo osatchula sukulu ngakhale imodzi. Akatchula bungwe, fufuza. Kuno madokotala, ma clinical officer ndi akatswiri ena azaumoyo amalembetsa ku Medical Council of Malawi, anamwino ku Nurses and Midwives Council of Malawi. Akati ali ku Joni, ma psychologist a kumeneko amalembetsa ku HPCSA ndipo dzina umatha kulisaka wekha pa webusaiti yawo. Akati ali ku UK, funsa ngati analembetsa ku bungwe la HCPC kapena la BACP. Akati ndi counsellor wa konkuno, akuonetse satifiketi ndipo akuuze chipatala kapena bungwe limene amagwirako kapena anagwirako ntchito, iwe uimbe foni kumeneko ufunse ngati amamudziwa. Si mwano umenewo, ukufuna kumuuza munthuyu zinthu zomwe ngakhale mnzako wa pamtima sunamuuzepo.

Tsopano ma app akunja aja. Ine maganizo anga ndi akuti kwa munthu wolandira malipiro mu kwacha, si poyambira pabwino. Amalipiritsa mu madola, ambiri mwa iwo amadula pa khadi mwezi ndi mwezi kaya walankhula ndi munthu kaya ayi, ndipo ukudziwa wekha mmene zinthu zilili chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, kulipira chinthu cha kunja ndi khadi ya banki ya kuno ndi nkhondo payokha. Kenako pali nthawi. New York ili m'mbuyo mwathu ndi maola 6 kapena 7 kutengera nyengo, ndiye iye akamati tikumane madzulo ndikaweruka, kuno ndi pakati pa usiku. London ndi ola limodzi kapena awiri, Johannesburg ndi nthawi imodzi ndi ife, Nairobi ali patsogolo ndi ola limodzi, ndiye ngati wakunja ndi amene wamufunitsitsa yang'ana kufupi konkuno. Palinso za chinsinsi: mu 2023 bungwe la boma la America loteteza ogula la FTC linalamula kampani ya BetterHelp, yomwe ndi imodzi mwa zikuluzikulu pa therapy ya pa intaneti, kuti ibweze madola 7.8 miliyoni kwa makasitomala chifukwa chopereka mauthenga a anthu kwa makampani ngati Facebook ndi Snapchat kuti azitsatsira malonda. Ndiye app ikamakufunsa mafunso ambirimbiri okhudza moyo wako usanaone n'komwe nkhope ya therapist, ganiza kaye kuti mayankhowo akupita kuti.

Koma chachikulu kwa ine si ndalama. Uzimufotokozera bwanji munthu wa ku Texas kuti azakhali amene anakunyoza ndi omwewonso anakulipirira fizi, ndipo pa chinkhoswe chako adzakhala kutsogolo, ndipo iweyo udzawagwadira? Iye akhoza kungokuuza kuti uwadule, usamalankhule nawo. Kuno sizitheka choncho, ndipo mwina si zomwe ukufuna n'komwe. Umafunika munthu woti ukanena kuti "ndimaopa kuoneka wamatama" amve msanga, chifukwa ife atsikana timaleredwa kuti kuyang'ana pansi ndi ulemu, ndipo ntchito ina ya therapy yako idzakhala kusiyanitsa pomwe pali ulemu weniweni ndi pomwe pali mantha ovala chitenje cha ulemu. Komanso pali zinthu zina zimangotuluka bwino m'Chichewa. Mau a azakhali aja sanayankhulidwe m'Chingerezi.

Ndiye njira imene ndingakulangize ndi iyi: peza katswiri wa konkuno, wa mu Blantyre kapena ku Lilongwe, amene amalola kukumana pa WhatsApp, Zoom kapena Google Meet. Alipo, ndipo ambiri sadzitsatsa ndi nyimbo pa TikTok. Funsa dokotala wa pa kiliniki imene umapita ukadwala malungo kuti amatumiza kwa ndani anthu ofuna uphungu, imba ku St John of God, ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, ufunse ngati ali ndi njira yothandizira munthu ali kutali kapena ngati akudziwa wina mu Blantyre, ndipo ngati kuntchito kwanu muli pa sikimu ya zachipatala ngati MASM funsa ngati pulani yako imalipira psychologist, osangoganiza kuti siilipira. Wa ku Lilongwe ali ndi ubwino wake kwa munthu wamanyazi ngati iwe, simudzakumana pa mzere ku Chichiri. Malipiro mumapangana pa sesheni imodzi imodzi, pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo usachite manyazi kufunsa ngati angakuchotsereko kapena ngati mungamakumane kawiri pa mwezi m'malo mwa sabata iliyonse.

Ndikuuzeko zomwe zimachitika mkatimo kuti uzidziwa ngati ndalama yako ikugwira ntchito. Sesheni imakhala ya mphindi pafupifupi 50. Yoyamba ndi ya mafunso, unakulira kuti, umagona bwanji, umadya bwanji, ukufuna chisinthe n'chiyani, ndipo ena amakupatsa mafunso 10 a Rosenberg, omwe anakonzedwa mu 1965 ndipo mpaka pano amagwiritsidwa ntchito poyeza mmene munthu amadzionera, kuti pakapita miyezi mudzayezenso muone ngati pasuntha kanthu. Ayeneranso kukuuza tsiku loyamba lomwelo kuti zomwe mukambirane ndi zachinsinsi, kupatula ngati moyo wako kapena wa munthu wina uli pa ngozi. Njira imene imagwiritsidwa ntchito kwambiri pa vuto lako ndi CBT, yophunzitsa munthu kuunika ndi kusintha maganizo ndi zochita zake, yomwe inayamba ndi Aaron Beck m'zaka za m'ma 1960, ndipo si ya zaka zambirimbiri ayi, kawirikawiri masesheni sapitirira 20.

Tiyerekeze ndi miting'i yako ija. Therapist akuuza kuti ugule kakope. Lachiwiri abwana afunsa chifukwa chake ma figala a mwezi watha sakugwirizana, iwe ukudziwa kuti pali invoisi imene inalowetsedwa kawiri, mtima wayamba kugunda, m'manja thukuta, ndipo wakhala chete. Madzulo ulemba: chinachitika n'chiyani, m'mutu munabwera mau oti chiyani, mwina "ndikalankhula aona kuti ndine mbuli", unawakhulupirira kwambiri bwanji, ndipo unachita chiyani. Pa sesheni iye sakuuza kuti ayi ndiwe wanzeru. Akufunsa kuti umboni woti ndiwe mbuli uli pati, nanga amene anatulukira invoisiyo ndi ndani, nanga mnzako uja atalakwitsa pa miting'i mwezi watha anthu anamuchita chiyani, ukukumbukiranso n'komwe zomwe analakwitsa? Kenako akupatsa ntchito: miting'i ikubwerayi unene chiganizo chimodzi chokha, usanalowe ulembe zomwe ukuganiza kuti zichitika, ukatuluka ulembe zomwe zachitikadi. Chithunzi chija uchisiye pa sitetasi mpaka maola 24 athe chichoke chokha. Wa mu minibasi akakuponda, ungokhala chete osapepesa, uone ngati kumwamba kugwe. Zimaoneka zachibwana koma ndi mmene mau akale aja amafookera, pang'onopang'ono, chifukwa ukusonkhanitsa umboni wako wekha osati mau okoma a munthu wina. Therapist amene mwakumana naye kanayi koma palibe chomwe wakupatsa choti ukayese pakati pa sabata, ndipo umangotuluka wamva kukoma basi, mufunse kuti pulani ndi yotani.

Zoti ukaziona uthawe ndi izi. Akayamba kukuuza kuti ndiwe wokongola bwanji, tumiza chithunzi ndione mphuno ukunenayo, tikumane pa loji tikambirane bwino. Akamaika ma screenshot a makasitomala ake pa sitetasi ngati umboni, ngakhale atafufuta dzina, dziwa kuti mawa ndi iwe. Akalonjeza kuti m'masiku 7 ukhala munthu watsopano, akafuna ulipiretu miyezi itatu, kapena akayamba kukugulitsa mafuta, tiyi kapena kukulowetsa mu bizinesi yoitana anzako. Munthu wodziderera ndi wosavuta kumudyera chifukwa amaopa kukana ndipo zikalakwika amadziimba mlandu yekha, ochenjera amadziwa zimenezi. Ndipo ngakhale therapist ali weniweni, ndi mapepala ake onse, mukapanda kugwirizana uli ndi ufulu wosintha. Kwa iwe kungonena kuti "zikomo, ndiyesa kwina" ikhala kale mbali ya mankhwala.

Za pakhomo tsopano, poti nyumba zathu makoma ake amamva. Gula ma earphone, sankha nthawi imene ena apita ku tchalitchi kapena ku msika, kapena pempha kachipinda kuntchito nthawi ya lanchi. Vidiyo imadya bandulo kwambiri, ndiye mukhoza kuonana nkhope ulendo woyamba kenako muziimbirana mau okha. Tchaja foni isanakwane nthawi poti magetsi sapangana ndi munthu, ndipo mugwirizane kuti netiweki ikaduka aimba ndani ndipo mphindi zotayikazo zibwezedwa bwanji. Ma call a WhatsApp ndi otetezedwa kuti wapakati asamve, koma chitetezo chimenecho sichithandiza ngati foni ilibe loko ndipo mng'ono wako amaibwereka kuti aonere TikTok.

Chomaliza kwa iwe. Kudziderera pakokha si matenda, koma kumakonda kuyenda limodzi ndi matenda a kukhumudwa. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposa tulo sukupeza, chakudya sichikulowa, zomwe unkakonda sizikukusangalatsanso, kapena wayamba kuganiza kuti bola kungofa, pamenepo za app zisiye, za wa kumpingo ziiwale, pita ku Queens ku kiliniki ya zamaganizo ija anthu amaitchula Room 6, kapena pa chipatala chilichonse chapafupi, tsiku lomwelo, ndipo utenge munthu mmodzi amene umamukhulupirira. Anthu ambiri amene amapita kumeneko amathandizidwa n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo, ku Zomba sapita aliyense.

Anti, ine ndi bambo wa zaka 38 wa ku Ndirande. Ntchito inatha chaka chatha, pano amene akugwira nyumba ndi mayi a kunyumba ndi geni yawo ya kaunjika. Sanandinyozepo koma ine ndimadziona ngati si mwamuna, kwa anzanga ndinasiya kupita. Ndalama ya therapist ndilibe, ndiye usiku onse akagona ndimalemberana ndi ChatGPT ndipo imandimvetsa. Kodi sizokwanira zimenezi?
Bambo wa ku Ndirande

Achimwene, kuti mwapeza polankhulira m'malo mokamwera ndakuyamikirani, abambo ambiri amangofera mkati. Koma ayi, sizokwanira. Chinthucho chimakonda kugwirizana ndi zomwe mwalemba, nthawi zina chimanena zabodza molimba mtima, sichikuonani kuti mwaonda kapena kuti mau anu asintha, ndipo usiku wina zinthu zikadzafika poipa sichingadzuke kubwera pakhomo panu. Chigwiritseni ntchito pokonza CV kapena kusanja maganizo musanakalankhule ndi munthu, koma maina a anthu ndi zinsinsi za m'banja musamalembemo.

Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu ndi choti munasiya kupita kwa anzanu. Kudzipatula kumadyetsa maganizo omwewo, mukakhala nokha palibe wotsutsa mau oti "si ine mwamuna", ndipo foni ya usikuyo ikhoza kumakuthandizani kubisala bwino. Uphungu waulere ulipo m'zipatala za boma, yambirani pa health centre ya ku Ndirande konko munene kuti maganizo akukusowetsani mtendere, akuuzani tsiku ndi munthu woti muonane naye. Mukhozanso kuimba Chipatala Cha Pa Foni kwaulere mufunse komwe mungapite. Ndipo musaganize kuti wothandiza ayenera kukhala wa madigiri ambiri nthawi zonse. Ku Zimbabwe dokotala wa zamaganizo Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, pomwe agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala ndi munthu pa benchi panja pa kiliniki n'kumathandizana naye kuthetsa vuto limodzi limodzi, ndipo kafukufuku wa mu 2016 anaonetsa kuti anthu amapezadi bwino. Chinsinsi chake n'chakuti anaphunzitsidwa ndipo pali owayang'anira.

Komanso mayiwo auzeni. Mwati sanakunyozenipo, ndiye kuti mlandu mukuzenga nokha, woweruza nokha. Mwina iwo akudabwa kuti bambo akhala chete chifukwa chiyani, mwinanso akuganiza zina poti foni ikumayaka pakati pa usiku.

Anti, mwana wanga wamkazi wa zaka 15 ali Fomu 2, anzake amamuseka kuti ndi wakuda kwambiri ndipo ndinamupeza ndi mafuta oyeretsa khungu mu chikwama. Ndimupezere therapist wa pa intaneti?
Mayi wodandaula, Machinjiri

Mayi mnzanga, kwa mwana wa msinkhu umenewo ine ndingakonde maso ndi maso kaye. Ngati zavuta ndipo mwasankha wa pa foni, mumupeze ndinu, mufufuze mapepala ake monga ndafotokozera pamwambapa, mufunsenso ngati anagwirapo ntchito ndi achinyamata, ndipo pa sesheni yoyamba mukhalepo. Zikatero muziwapatsa mpata azilankhula awiri, osamufunsa mwana kuti mwakambirana chiyani, koma nambala imene akulankhulirana ndi nthawi yake muzizidziwa. Munthu wamkulu amene akufuna kumalemberana ndi mwana wanu usiku inu osadziwa si therapist. Pali nambala yaulere ya ana ya 116, ya Tithandizane imene amayendetsa a YONECO, mwanayo akhoza kuimba yekha, inunso mukhoza kuimba kufunsa malangizo.

Mafutawo muchotseni koma osati ndi ndodo kapena kumuyalutsa pamaso pa abale. Ambiri mwa mafuta amenewa amakhala ndi mercury, hydroquinone kapena ma steroid, amapyapyalitsa khungu, amasiya zipsera, ndipo mercury imaononga impso. Ngati wadzola kwa nthawi yaitali kamuonetseni kuchipatala, chifukwa a ma steroid ukasiya mwadzidzidzi khungu limatha kuyabwa ndi kutuluka zotupa. Kusukulu pitani mukaonane ndi aphunzitsi ake za omusekawo, ndipo kunyumba mvetserani mmene achibale amayankhulira za khungu, kaya ndi nthabwala zoti uyu anatengera ndani, kaya ndi kuyamikira mwana woyera yekha pamaso pa mnzake. Amene amatero muwaletse inuyo mwanayo akumva.